Cross ya Propshaft pa Magalimoto a M'misewu Yathu ya Fumbi

Nkhani yokambidwa kwa madalaivala, amakaniko ndi ophunzira ntchito ku Domasi

 

Ndikamba za cross ya propshaft, imene m'mabuku a masipeya amailemba kuti universal joint kapena UJ. Mfundo yanga ndiinenerethu poyamba. Kwathu kuno cross siifa ndi ukalamba ayi. Imafa ndi madzi, mchenga ndi kusowa girizi, ndipo ina imayamba kufa tsiku lomwe yaikidwa chifukwa cha dzanja la amene waiika. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene sitingachiletse.

Taonani kumene tikukhala. Msewu waphula ndi M3, wochokera ku Zomba kudutsa pa Songani, pano pa Domasi ndi pa Malosa kulowera ku Liwonde. Mukangoupatuka, mwalowa m'fumbi. Kumadzulo njira imakwera m'chigwa pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, kumene kuli Domasi Mission yomwe amishoni a Church of Scotland anatsegula mu 1884. Kumeneko n'kwa miyala, zitunda ndi timitsinje totsika m'phiri. Kummawa mumatsikira kuchigwa cha nyanja ya Chilwa, kwa mpunga ndi matemba, kumene makande amamata kunsi kwa galimoto mpaka simuonanso bawuti. Kuyambira Novembala mpaka Epulo, galimoto yopita kumidzi imasamba kangapo pa tsiku. Ndipo nonse mukukumbukira Malichi 2023, namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi misewu m'maboma a kummwera kuno. Ambulasi ndi magalimoto onyamula chithandizo ankadutsa m'madzi chifukwa kunalibe kwina kodzera. Land Cruiser, Hilux kapena Land Rover ya kuno imaona m'dzinja limodzi zimene inzake ya m'tauni siiona m'zaka zisanu.

Tiyambe ndi ntchito ya kachitsuloka. Mphamvu ya injini imadutsa m'giyabokosi n'kulowa mu transfer, ndipo kuchokera apo imagawikana pawiri: propshaft ina imapita ku difu yakumbuyo, ina ku difu yakutsogolo. Koma giyabokosi ndi transfer n'zomangidwa pa chesisi, pamene difu imakwera ndi kutsika limodzi ndi matayala. Chitsulo chowongoka chomangidwa nganganga mbali zonse chingathyoke pa dzenje loyamba. N'chifukwa chake kumapeto konse kwa propshaft kuli cross. Ili ndi nthambi zinayi. Ziwiri zimagwidwa ndi mphanda ya propshaft, ziwiri zinazo ndi mphanda ya flange. Nthambi iliyonse inavala kapu yachitsulo, ndipo m'kati mwa kapu muli timasingano toimirira mozungulira, tating'ono ngati timitengo ta machesi toduladula. Pakamwa pa kapu pali kalabala kotsekera girizi m'kati ndi fumbi kunja. Kapu imagwidwa ndi circlip kuti isasololoke. M'mimba mwa cross anaboola tinjira tochokera pa nipple, polowera girizi, kukafika kunthambi zonse zinayi. Poti difu ikamakwera ndi kutsika mtunda wake kuchokera pa transfer umasintha, propshaft ilinso ndi malo a mano otsetsereka, slip joint, amene amailola kutalika ndi kufupika.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa galimoto. Anthu amaitchulira Gerolamo Cardano wa ku Italy, katswiri wa masamu wa zaka za m'ma 1500. Clarence Spicer wa ku America anathandiza kuikhazikitsa pa galimoto: analandira chiphaso cha luso lake mu 1903 n'kuyamba kupanga mu 1904, pa nthawi imene magalimoto ambiri ankayendera tcheni. Koma munthu amene makaniko aliyense ayenera kumudziwa ndi Robert Hooke wa ku England. Cha m'ma 1670 iye anaonetsa kuti joint yotere ikapindika, mbali yolandira mphamvu siizungulira mofanana ndi mbali yopereka. Imathamanga, n'kuchedwa, n'kuthamanga, n'kuchedwanso, kawiri pa kuzungulira kulikonse. Ikapindika madigiri 10, kusiyanako kumakhala pafupifupi 1.5 peresenti. Ikafika madigiri 30, kumayandikira 15 peresenti. Cross yachiwiri, ya kumapeto kwinako, ndiyo imafafaniza kugwedeza kwa yoyamba. Imatha kutero pokhapokha mphanda ziwiri za propshaft zitayang'ana mbali imodzi, ndiponso kupindika kwa cross ziwirizo kukakhala kofanana. Mfundo iyi muisunge, chifukwa tiipezanso pomanga.

Tiwerengereko pang'ono kuti muone katundu amene timasingano tija timasenza. Tayala la 7.50R16 limayenda pafupifupi mamita 2.5 likazungulira kamodzi, kutanthauza maulendo 400 pa kilomita. Difu ya magalimoto ambiri otere imafuna kuti propshaft izungulire pafupifupi maulendo 4.1 kuti tayala lizungulire kamodzi. Ndiye pa kilomita imodzi propshaft yazungulira maulendo oposa 1,600. Mukamathamanga makilomita 80 pa ola pa M3, ikuzungulira maulendo pafupifupi 2,200 pa mphindi, oposa 30 pa sekondi. Mukalowa m'matope n'kuika 4L ndi giya yoyamba, liwiro limatsika koma mphamvu yopotokola ya injini imachulukitsidwa pafupifupi kakhumi isanafike pa cross. Zonsezi zimadutsa pa timasingano tosakwana chala kutalika, ndipo chotchinga chokha pakati pa chitsulo ndi chitsulo ndi kagirizi kochepa.

Mdani woyamba ndi madzi. Cross imatentha paulendo. Ikamira mwadzidzidzi mumtsinje wozizira, mpweya wa m'kapu umafota n'kukoka madzi kudzera pa kalabala, ndipo madzi a mitsinje yathu m'dzinja amabwera ndi mchenga. Mchenga ukasakanikirana ndi girizi umayamba kupala chitsulo. Madzi otsala amabala dzimbiri galimoto ili chiimire usiku. Paipi ya mphamvu ya pamalo otsukira magalimoto imachitanso zomwezo ikalozetsedwa pa makapu. Pakapita nthawi timasingano timakumba tingalande pa nthambi za cross, kenako timaphwanyika n'kusanduka ufa.

Propshaft yakutsogolo ili ndi vuto lakelake. Chilimwe chonse ma-hub amakhala pa FREE, chitsulocho sichizungulira, girizi amauma ndipo madzi amene analowa mu Malichi amadya mwakachetechete mpaka Novembala. Tsiku loyamba mvula ikagwa, dalaivala n'kuika 4H, cross imapezeka itauma gwa. Mabuku a Toyota amalangiza kuyendetsa galimoto ma-hub ali pa LOCK makilomita osachepera 16 mwezi uliwonse. Palinso cholakwa china chotsutsana ndi ichi, chomwe ndi kuiwala 4H mutatuluka kale m'fumbi. Pa Land Cruiser 70 ndi Hilux palibe difu yapakati, choncho pa phula matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana pa kona iliyonse, ndipo kulimbanako kumathera pa cross, pa transfer ndi pa matayala. Mukafika pa M3, chotsani.

Za katundu ndinenepo mosabisa. Nthawi yokolola mpunga timaona ma pick-up atawonjezeredwa masipuling'i awiri kapena atatu kuti anyamule matumba ochuluka. Galimoto ikakhala yopanda katundu, kumbuyo kumatukuka ndipo propshaft imapindika kuposa momwe anaipangira. Ikadzaza, imasenza zopitirira muyezo. Opanga ma-joint amafuna kuti pa liwiro la pamsewu kupindika kusapitirire madigiri 3. Mwini galimoto amadabwa kuti cross ikutha miyezi ingapo iliyonse, n'kumaloza chala makaniko kapena wogulitsa masipeya, pamene vuto lili pa masipuling'i.

Cross siifa mwadzidzidzi. Imayamba yachenjeza, ndipo woyamba kumva ndi inu madalaivala. Pamene mukunyamuka pang'onopang'ono pafupi ndi khoma, mumamva kakulira kakuti kwii, kwii, kwii, kotsatana ndi liwiro la galimoto, makamaka pobwerera m'mbuyo. Apo timasingano tauma. Kenako pamabwera kugunda kwakuti khu! mukamasiya kilachi kapena mukamachotsa phazi pamoto n'kupondanso. Pomaliza ndi kunjenjemera kwa pansi pa mpando pa liwiro la 60 kapena 80, kumene kumachititsa galasi loonera kumbuyo kuchita chizirezire. Kunjenjemera kwa tayala losalinganizidwa bwino kumamveka pa chiwongolero ndipo n'kochedwerapo. Kwa propshaft n'kothina, ndipo kumasintha mukaponda moto kapena kuusiya.

Poyeza, imikani galimoto pamalo athyathyathya, tsekerani matayala ndi zipika, zimitsani injini, n'kuchotsa giya kuti propshaft imasuke. Lowani pansi ndi tochi. Yang'anani pakamwa pa makapu onse anayi. Mukaona fumbi lofiira louma pamenepo, kapuyo yatha, ngakhale isakugwedera. Gwirani flange ndi dzanja limodzi, propshaft ndi linalo, mupotokole uku ndi uku, kenako mukankhe m'mwamba ndi pansi. Pa cross sipayenera kukhala kugwedera ngakhale pang'ono. Musasokoneze ndi mpata wa mano a m'difu, umene umaoneka pamene flange ndi propshaft zikuyenda limodzi. Dziwaninso kuti cross youma gwa siigwedera, ndipo imanamiza ambiri. Imeneyo mumaigwira mutatsitsa propshaft n'kuipinda ndi manja. Ikamakakamira pena, yatha.

Ndinaonapo pick-up yonyamula mpunga itaima panjira yochokera kuchigwa cha Chilwa. Cross yakutsogolo ya propshaft yakumbuyo inali itathyoka. Mutu wa propshaft unagwa pansi galimoto ikuyenda, n'kuzika m'dothi n'kupindika, ndipo usanazike unali utamenya kale paipi ya mabuleki ndi kung'amba ekizozi. Pansi panali mzere wautali wokumbika, ndi kapu imodzi yopanda singano ndi imodzi yomwe, m'kati mwake mofiira. Pamwamba pa matumba panali anthu. Dalaivala anati kulirako anakumva kwa masabata angapo, koma bwana wake ankati adikire mpunga uthe. Ikanakhala pa phula pa liwiro, tikanakamba za maliro.

Tsopano tifike pa ntchito yeniyeni. Musanagwire sipanala, tetezani moyo wanu. Pa Land Rover Defender ndi pa ma Land Cruiser akale a mtundu wa 40, handibuleki imagwira kumbuyo kwa transfer, osati pa matayala. Mukangomasula propshaft yakumbuyo, galimoto ilibenso handibuleki, ndipo giya imene mwaisiyamo siigwiranso kanthu. Pa galimoto ya automatic, P nayenso amasiya kugwira. Choncho zipika kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala n'zosakambirana. Ngati mwaikweza, ikhale pa masitandi achitsulo. Jeke yokha si yoidalira, ndipo njerwa zimaphwanyika mosachenjeza.

Chachiwiri ndi zizindikiro. Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, lembani mzere wodutsa pa flange ya propshaft ndi flange ya difu, winanso kumbali ya transfer, winanso pa slip joint, ndiponso pa mphanda ziwiri zimene cross yalumikiza. Lembani ndi penti kapena khomani timadontho ndi ponchi, chifukwa choko chimafufutika ndi manja a girizi. Propshaft inalinganizidwa ku fakitale zidutswa zake zili mmene zililimo. Timalata tating'ono towotcherera pa thupi lake ndi tolinganizira kulemera, ndipo si zinyalala zoti muzigwetse ndi tchizulo. Slip joint ikasololoka n'kubwezeredwa mutaphonya dzino limodzi kapena awiri, mphanda ziwiri zija sizikuyang'ananso mbali imodzi, ndipo kugwedeza kumene Hooke anakufotokoza kumafika mpaka pa mpando wa dalaivala. Galimoto imanjenjemera ndi cross zatsopano, mwini wake n'kumati mwamuikira zabodza.

Mukatsitsa propshaft, itsukeni. Musaipane thupi lake pa vayisi mwamphamvu, chifukwa ndi paipi yopyapyala ndipo ikangobonyoka basi yatha kulingana. Thirani mafuta omasulira dzimbiri pa ma-circlip, gogodani kapu pang'ono kulowetsa m'kati kuti circlip ipepukidwe, ndiye muichotse. Ena ali kunja kwa kapu ndipo amafuna pulayala yake, ena ali m'kati mwa mphanda, monga pa ma Toyota ambiri, ndipo amakankhidwa ndi masikuludalaivala awiri ofanana. Tetezani maso, chifukwa amauluka.

Kutulutsa makapu kumafuna vayisi ndi masoketi awiri. Soketi yaing'ono, yocheperako kuposa kapu, imakankha mbali imodzi. Soketi yaikulu, yoti kapu ilowemo, imalandira mbali inayo. Mangani vayisi pang'onopang'ono mpaka kapu itatuluka mokwanira kuigwira n'kuipotokola. Kenako kankhirani cross mbali ina kuti kapu yachiwiri ituluke. Ndikudziwa kuti ambiri a ife timagwirira ntchito pansi pa mtengo, popanda vayisi yaikulu, ndipo hamala ndiyo ilipo. Ngati n'choncho, tsamiritsani mphanda ya flange pa zitsulo ziwiri, muzimenya paphewa lochindikala la mphanda inayo, pafupi ndi khutu lake. Musamenye pa paipi, musamenye pakamwa pa bowo, ndipo musabweretse moto wa gasi. Makutu a mphanda akapindikira m'kati ngakhale pang'ono, cross yatsopano imalowa mothina n'kupsa m'masabata ochepa.

Makapu akatuluka, musathamangire kuika zatsopano. Palani dzimbiri m'mabowo ndi m'tingalande ta ma-circlip, ndipo chotsani timinga tachitsulo ndi fayilo yosalala. Yesani kapu yatsopano pabowo. Iyenera kukana kulowa ndi chala. Ikangolowa yokha n'kumagwedera, bowo lakula ndipo mphandayo yatha ntchito. Apa ndi pamene ena amaitana wowotcherera kuti adontheze pa kapu, kapena amakhoma ponchi kuzungulira bowo. Abale anga, zimenezo tisiye. Moto umapsereza girizi ndi kalabala nthawi yomweyo, umafewetsa chitsulo cha kapu, ndipo cross siikhalanso pakati. Makaniko wobwera pambuyo panu adzangotaya propshaft yonse. Muuzeni mwini galimoto zoona kuti pakufunika mphanda ina.

Kuika cross yatsopano ndiko kumasiyanitsa mmisiri ndi womenya zitsulo. Yalani nsalu yoyera. Vulani makapu mosamala n'kuwaimika chagada. Girizi amene amabwera nawo ndi wongoteteza dzimbiri m'bokosi, choncho pakani wina ndi chala mozungulira kuti timasingano timamatire kukhoma, koma musadzaze kapu mpaka pakamwa. Onani kumene nipple idzayang'ane. Iyenera kupenya kumbali ya paipi ya propshaft, pamene pampu ya girizi idzafike, ndipo ndi bwino nipple za cross zonse ziwiri zikhale mbali imodzi kuti wopopa asamakankhe galimoto kawiri. Cross yoikidwa chotembenuza siidzalawanso girizi mpaka kufa kwake. Ichotseni kaye nipple kuti isathyoke pomanga.

Lowetsani cross m'mphanda, n'kuikankhira mbali imodzi mpaka nthambi itatulukira pabowo. Vekani kapu pa nthambiyo, kuti nthambi ikhale m'kati mwa timasingano kapu isanayambe kukankhidwa. Panani ndi vayisi mpaka theka. Ikani kapu yachiwiri mbali inayo, n'kusuntha cross kuti ikhale pakati, nthambi zonse ziwiri zitalowako m'makapu awo. Tsopano panani pang'onopang'ono, uku mukugwedeza cross ndi zala kuti mumve ngati ikuyenda. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafika kumapeto n'kupeza kuti kapu yakana kulowa mamilimita awiri kapena atatu otsiriza, ndipo ngalande ya circlip siikuoneka, imani pomwepo. Singano imodzi yagwa n'kugona chopingasa pansi pa kapu. Mukakakamiza, singanoyo imathyoka kapena kapu imang'ambika pansi, ndipo ndalama za mwini galimoto zapita. Tulutsani kapu, imikani singano, yambiraninso. Ambiri amene amati anagula cross yabodza anaiphera pamenepa ndi hamala.

Ikani ma-circlip atsopano, ndipo onetsetsani kuti akhala m'ngalande mozungulira monse. Toyota imapanga ma-circlip a makulidwe osiyanasiyana n'cholinga choti mpata wa cross m'litali mwa nthambi usapitirire mamilimita 0.05, ndipo a mbali ziwiri zoyang'anana ayenera kukhala ofanana kuti cross ikhale pakatikati. Mukamaliza, gogodani paphewa la mphanda kangapo kuti makapu abwerere n'kutsamira ma-circlip. Pindani joint ndi dzanja mbali zonse. Iyende mosalala, yolimbako pang'ono koma yosakakamira paliponse.

Pobwezera pa galimoto, tsatani zizindikiro zanu zija. Pukutani nkhope za ma-flange kuti pasakhale dothi. Mabawuti a propshaft ndi achitsulo cholimba mwapadera, ndipo thupi lake limadzaza bowo. Imodzi ikatayika musaike bawuti wamba ya ku hadiweya. Mangani mopingasa, ndipo kulimba kwake kuli m'buku la galimotoyo. Pa ma Toyota ambiri otere kumakhala pakati pa 70 ndi 90 Nm. Kenako popani girizi mpaka watsopano atatulukira pa malabala onse anayi. Akatuluka patatu pokha, kapu yachinayi siinalandire. Gwedezani propshaft, kapena gogodani mphanda mbali yoyang'anana nayo, n'kupopanso. Pa slip joint ndi posiyana. Popani pang'ono, ndipo mukangoona ikuyamba kutalika, lekani. Mukaidzazitsa siithanso kufupika, ndipo pa bampu loyamba imakankha mabering'i a transfer ndi a difu. Girizi woyenera pa cross ndi wa lithium wolembedwa NLGI 2. Yendetsani galimoto pa fumbi ndi pa phula, ndipo mukabwerako gwirani makapu. Yotentha kuposa zinzake ili ndi vuto.

Funso limabwera kawirikawiri lakuti, yatha ndi imodzi, ndisinthe zonse? Ine ndimati cross ziwiri za propshaft imodzi zinawoloka mitsinje yomweyo ndipo zinamanidwa girizi tsiku lomwelo. Propshaft ili kale pansi, ndiye sinthani zonse ngati thumba likulola. Pa Hilux ya propshaft ya zidutswa ziwiri, onaninso labala wa bering'i yapakati. Pali mitundu iwiri imene sindilangiza wophunzira kuiyamba yekha. Wina ndi double cardan, cross ziwiri zophatikizana zokhala ndi kampira ndi kasipuling'i pakati, imene imapezeka pa propshaft yakutsogolo ya magalimoto ena. Winawo ndi wa magalimoto ena atsopano, ambiri mwa iwo olowa kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, amene makapu ake alibe circlip koma anawatsina ndi makina ku fakitale. Amenewo apite kumalo okhala ndi makina osindikizira ndi olinganizira.

Za kugula. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya masipeya inakwera, ndipo chiyeso chogula chotchipa chinakula. Ndikumvetsa. Koma cross ya kaunjika, yochotsedwa pa galimoto ina, musaigule. Simungaone zimene zili pansi pa makapu, ndipo kuitulutsa komweko kumaivulaza. Popita ku Zomba, ku Limbe kapena ku Ndirande, nyamulani yakaleyo. Yezani ndi vernier kukula kwa kapu ndi kutalika kwa cross, chifukwa makapu a mamilimita 27, 29 ndi 32 amaoneka ofanana m'maso mwa munthu wothamanga. Onani ngati circlip ndi yam'kati kapena yakunja. Mayina ngati Toyota, GMB, GKN ndi Spicer ndi odziwika, koma bokosi aliyense angathe kusindikiza. Tsegulani pomwepo pakauntala. Vulani kapu imodzi, muone ngati timasingano tadzaza bwino mozungulira, ngati nthambi ndi yosalala ngati galasi, ngati kalabala n'kofewa kogwira zolimba. Kwa galimoto yowoloka mitsinje, sankhani yokhala ndi nipple, chifukwa girizi watsopano ndiye amakankhira madzi kunja.

Madalaivala, cross yakumbuyo ikakuthyokerani kutali ndi thandizo, pa Land Cruiser kapena Hilux yokhala ndi flange pa transfer mungathe kumasula propshaft yonseyo, kutseka ma-hub, kuika 4H n'kuyenda pang'onopang'ono ndi matayala akutsogolo mpaka pagalaja. Pa Defender muyenera kutseka difu yapakati, ndipo kumbukirani kuti handibuleki siigwira difuyo ikapanda kutsekedwa. Galimoto imene propshaft yake imangolowa mu transfer popanda flange imataya oyilo mukaisolola, ndiye imeneyo ikokedwe. Sipanala ziwiri zokwana mabawuti amenewa zizikhala m'galimoto nthawi zonse.

Ndatsala ndi inu akuluakulu osunga makiyi ndi ndalama. Dalaivala akabwera kudzanena kuti pansi pakulira, musamuone ngati akufuna kukudyerani. Tumizani makaniko akaone, ndi ntchito ya mphindi khumi. Mabuku a opanga magalimotowa amanena kuti propshaft imene yamira m'madzi ipopedwe girizi pasanathe maola 24, posayang'ana kuti sevisi yapita liti. Lamulo limeneli silingatsatidwe ngati pampu ya girizi ili yotsekeredwa m'sitolo, kapena ngati kugula chitini cha girizi kukufuna masiginecha atatu. Ambulasi imene yaima chifukwa cha cross ndi mayi woyembekezera amene akudikira kumudzi usiku. Achinyamata odziwa ntchitoyi alipo, ena ophunzira ku Nasawa Technical College konkuno ku Zomba, ena odutsa m'maphunziro a TEVETA, ena ophunzira pamanja pa amisiri akale. Apatseni vayisi, masitandi ndi nthawi yokwanira, ndipo musawaimirire pamsana kuti amalize msanga.

Pempho langa ndi ili. Galimoto iliyonse yopita kumidzi ikhale ndi pampu yakeyake ya girizi, ndipo m'buku la maulendo muwonjezere mzere woti dalaivala azilembamo tsiku limene wawoloka madzi ndi tsiku limene wapopa. Amakaniko, musatulutse propshaft musanailembe zizindikiro, ndipo musawotcherere kapu ngakhale mwini galimoto atakukakamizani. Mvula isanayambe chaka chino, lowani pansi pa galimoto iliyonse imene ili m'manja mwanu, mugwedeze cross zake zonse, ndipo yogwedera kapena yotulutsa fumbi lofiira muisinthe isananyamule anthu.